Ndinachapa Chikhothi cha Mfumu ya Milungu

Mabokosi anafika masiku asanu eni ake asanatere. Anali ambiri moti pamalo otsitsira katundu panalibe popondapo, ndipo onse ankanunkha sitima yapamadzi. Gulu la oyimba a ku Jeremani linkabwera kudzachita sewero lawo m'nyumba yaikulu ya zisudzo kuno ku Dubai, momwe ine ndinkagwira ntchito m'chipinda cha zovala. Masewero amenewa amawatcha opera. Munthu salankhula, chilichonse amachita kuyimba, ngakhale kupempha madzi akumwa. Limeneli linali la milungu yawo yamakedzana, ndipo akuti linkatenga pafupifupi maola asanu.

Ndinali pa miyezi itatu yoyesedwa, ndipo inkatha Lachisanu la sabata yotsatira. A ku ofesi akasaina pepala, ntchito ndi viza zikhala zanga. Akapanda kusaina, ndibwerera kumene ndinachokera, osati ku Malawi, koma kuntchito ya m'nyumba. Ndinaigwira zaka zinayi, kugona m'kachipinda koyandikana ndi makina ochapira, kutuluka panja pokhapokha abwana akumbukire kuti nanenso ndine munthu. Kusoka ndinaphunzira kwa azakhali anga ku Limbe, ndipo ndikapeza tsiku lopuma ndinkathandiza telala wina wa ku Pakisitani ku Satwa, dera lina la mumzinda muno. Iyeyo ndi amene anandinong'oneza za ntchito ya ku zisudzoyi. Tsopano ndinali ndi bedi langa ku Satwa komweko, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Munali mothina, koma ndinkatuluka ndi kulowa popanda kupempha munthu, ndipo sindinkafuna kuti zimenezo zindipulumuke.

Woyang'anira wathu anatiuza mwachidule kuti titulutse zovala, tizipachike motsatira manambala, ndipo chomwe chawonongeka panjira tikonze. Atatero anapita kumsonkhano.

Chikhothicho ndinachipeza pansi penipeni pa bokosi lachitatu. Chinali chachitali chofika mu akakolo, cha nsalu yolemera yotuwa, nsalu yabwino imene ku Satwa amaitulutsa pokhapokha akaona kuti wogula ndi wozindikira. Koma mmene chinalili, mtima unandipweteka. M'munsi monse chinali chitanyenyeka, matope ataumirira mpaka m'mawondo, pachifuwa pali mabowo atatu, kumsana kuli mawanga onga nkhungu. Ndinati awa ndi makoswe a m'sitima ndi chinyontho cha panyanja. Pakolala panali kakadi kofiira kolembedwa Chijeremani ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinakamasula bwinobwino n'kukaika pambali kuti kasanyowe.

Ndinafunsa mnzanga wina wa ku Zambia, bambo wansangala amene ankagwira ntchito yokankha ndi kumanga zinthu za pasiteji, kuti nambala imeneyi ndi ya ndani. Anayang'ana papepala lake n'kunena kuti ndi ya mfumu ya milungu yonse, mkulu wa diso limodzi woyenda ndi mkondo.

Ineyo ndine wa mpingo, ndipo za milungu yambirimbiri sizindikhudza. Koma mfumu ndi mfumu. Kwathu, munthu angasauke bwanji, sangakaime pamaso pa anthu atavala sanza mkazi wodziwa singano ali pomwepo. Anthu saseka iye, amaseka mkaziyo. Ndiponso ndisabise, ndinaona mwayi. Ndinati awa akadzafika adzadziwa kuti m'chipinda muno muli Mmalawi.

Matope aja anali amakani. Ndinaviika chikhothicho m'madzi otentha, sanachoke. Ndinachikwecha ndi bulashi ndi sopo mpaka zala zinayera ngati za munthu wosambira, ndipo matopewo anayamba kugonja pang'onopang'ono. Zinanditengera masiku awiri. Kenako ndinatseka mabowo aja ndi ulusi wochotsa mumpendero wa nsalu yomweyo, moti ngakhale azakhali anga akanafufuza ndi magalasi. Ndinadula zonyenyeka, ndinapinda m'munsi, ndinasita. Ndinachipachika kutsogolo kwa zovala zonse kuti chikhale choyamba kuoneka.

Lachiwiri m'mawa kunafika mkulu wa zovala wa gululo, mayi wamtali, woonda, wa imvi zometa mwachidule, magalasi akulendewera pachingwe m'khosi. Tonse tinkangowatcha Madamu. Anayamba kumapeto kwa mzere, akugwira chovala chilichonse ngati mayi wowerenga ana pokwera basi. Atafika pa chikhothi changa anaima. Anavala magalasi. Anachitembenuza, anawerama kuyang'ana m'munsi, anapisa chala pachifuwa kufunafuna bowo.

"Wachita izi ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

Ndinatuluka kutsogolo ndikumwetulira. Mpaka lero kumwetulira kumeneko ndikakukumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Sanakalipe. Anandifotokozera mwapang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti matope aja anali utoto, nkhungu ija inali utoto, mabowo aja anachita kubowola dala. Kwawo kuli munthu amene ntchito yake ndi yokalambitsa zovala, ndipo pa chikhothi chokhachi anatha masabata atatu. M'seweroli mfumu ya milunguyo yasiya ufumu wake, ikungoyendayenda padziko ngati munthu wamba kuti asaizindikire, ndiye singatulukire pasiteji ngati ikupita kuukwati. Anatola kakadi kofiira kaja pamene ndinakaika n'kundiwerengera. Kankanena kuti osachapa.

Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa munthu wokalipa amatopa n'kuiwala. Iwo anangoti Lachinayi masana kuli kuyeserera komaliza, ndi zovala ndi magetsi omwe, ndipo zikatha zimenezo akalankhula ndi a ku ofesi. M'chipindamo munalibe amene sankadziwa tanthauzo la ofesi.

Mnzanga wa ku Zambia uja anandipeza pamalo otsitsira katundu nditakhala pachitini cha utoto, nkhope ili m'manja. Nkhani inali itamufika kale, chifukwa kuseri kwa siteji mawu amathamanga kuposa sitima ya Metro.

"Khalas, basi, sisi, osalila," anatero. "Ndimwe woyamba pa ziko lonse kuwasha mulungu. Manje muzachita bwanji?"

Ndinaseka misozi ili m'maso, kenako ndinamuthira mawu kuti za chipongwe akachitire alongo ake ku Lusaka. Koma funso lake linali loona. Ndinapukuta m'maso n'kubwerera kwa Madamu kukapempha kuti andipatse chikhothicho masiku awiri otsalawo.  Anati kuposa apa sichingawonongekenso, ndipo iwo ali ndi zovala zina zambiri zowadikira. Anandipatsa zithunzi za mmene chinalili, mabotolo a utoto ndi chokwechera karoti.

Lachitatu m'mawa ndinayala zithunzizo patebulo kuti ndizitsatira bowo ndi bowo. Ndinaziyang'ana, ndinaziyang'ananso, ndipo m'malo mwa mantha ndinayamba kumva mkwiyo. Chikhothi cha munthu woyenda sichibowoka pachifuwa, pokhapokha ngati wabayidwa. Matope sakwera mofanana mbali zonse ngati apaka khoma. Kolala inali yoyera, pakamwa pa matumba panali pouma gwa ngati simunalowepo dzanja. Amene anachita ntchitoyo ndi katswiri, sindikutsutsa, koma sanakhalepo nyumba imodzi ndi munthu wa chikhothi chimodzi.

Ine ndinakhala naye. Bambo anga ankayenda wapansi m'midzi ya m'mapiri a ku Dedza kugulitsa mchere ndi usipa. Chikhothi chawo anagula pakaunjika ndisanabadwe, ndipo anachivala mpaka chaka chimene anamwalira. Kuyambira ndili ndi zaka khumi wochapa ndi wosoka ndinali ine, ndiye ndinkachidziwa kuposa mabuku a kusukulu. Phewa limene ankanyamulira thumba linali litaphwatalala, nsalu yake ikunyezimira. Dzuwa linachisuwitsa kumsana ndi pamwamba pa mapewa, koma ukatukula kolala unkapeza mtundu wake woyamba ukadalipo. M'khosi munali mwakuda ndi thukuta limene sopo analilephera. Mkono wogwirira ndodo unatha msanga kuposa unzake. M'munsi udzu ndi chisoso zinadya kwambiri kumbuyo, kumene chidendene chimamenya. Ndipo akakhala paulendo masabata angapo, ankabwera ndi zigamba zosoka okha, ulusi uliwonse umene wapezeka, misoko ikuluikulu yokhotakhota imene ndinkamasula ndikung'ung'udza.

Ndinapita kwa mnzanga uja, chifukwa iye ankaonerera oyimba akuyeserera tsiku lililonse podikira kukankha miyala yawo yamapepala. Ndinamufunsa kuti mfumuyo mkondo imagwira dzanja liti, imanyamula chiyani, imakhala pansi kapena ayi. Anati mkondo ndi dzanja lamanja ndipo imautsamira ngati ndodo, paphewa lamanzere pali kathumba kachikopa, ndipo imakonda kukhala pamwala. Ndinafunsanso ngati ili ndi mkazi.

"Mukazi aliko," anatero, "koma niona monga sibamvana."

Ndiye kuti zigamba imasoka yokha. Zithunzi zija ndinazitembenuza chafufumimba. Ndinadziwa kuti ndikuika khosi langa pampeni, chifukwa kulakwa kamodzi angati umbuli, koma kawiri angati mwano. Komabe kutsanzira bodza la munthu wina m'masiku awiri sindikanatha, pamene chimene ndinkachidziwa ndinkachidziwadi.

Ndinatulutsa chikhothicho panja. Dzuwa la kuno ikangokwana naini koloko limakhala litayamba kale nkhanza, ndipo tsiku limenelo linandithandiza. Ndinawaza jiki wothira madzi ambiri pamapewa ndi kumsana, ndinachiyanika pachitsulo, kolala nditaipinda kuti pansi pake pasakhudzidwe. Chokwechera karoti chija sindinachigwiritse ntchito, chimaluma nsalu mofanana ponseponse. Ndinatola mwala kuseri kwa mpanda kumene ankamanga, ndinakhula nawo mkono wamanja, phewa lamanzere ndi pokhalira. M'munsi ndinamasula mpendero wanga wokongola uja, ndinakwecha pakonkire, ndinaviika m'ndowa ya tiyi wakuda bii amene ndinapempha kukantini, kenako ndinapaka utoto wosakaniza ndi mchenga, wambiri kumbuyo, wochepa kutsogolo. M'khosi ndi pakamwa pa matumba ndinapaka polishi ya nsapato ndi kandulo, n'kutikita ndi chala mpaka panayamba kunyezimira. M'matumbamo ndinaikamo miyala kuti agwe.

Chondiwawa kwambiri chinali kusoka moipa. Manja anga ankakana. Ndikati ndikhotetse msoko, singano inkabwerera yokha pamzere. Pomaliza ndinaigwira ndi dzanja lamanzere, ndi ulusi wokhuthala wofiirira, ndipo chigamba cha pachigongono chinatuluka chonyansa moti ndinachikonda.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinamuveka mnzanga uja chikhothicho. Munthu wa Mulungu anasiya mbale yake n'kuyenda uku ndi uku pamalo otsitsira katundu, tsache lili m'dzanja ngati mkondo, chikwama changa chili paphewa, thukuta likutsika ngati wagwa m'madzi. Alonda a ku Nepal pageti anaseka mpaka kugwira pamimba. Akati aime ndinkati yalla, tiyeni achimwene, yendaninso, khalani pansi, dzukani, pindani mkono. Ndinkafuna kuti nsaluyo iphunzire thupi la munthu, makwinya agwe pamene amagwa. Anandiuza kuti ndikapulumuka ndizimutcha mfumu mpaka kalekale, ndipo ndinavomera.

Lachinayi ndinafika m'mawa kwambiri ndi basi yoyamba, m'mimba mulibe kanthu chifukwa chakudya sichinkatsika. Ndinamaliza zotsala, ndinaumitsa chikhothicho, ndinachipachika pamalo pake, osati kutsogolo ayi. Madamu anabwera kutatsala ola limodzi kuti kuyeserera kuyambe. Anavala magalasi, anayang'ana kutsogolo, kumbuyo, anatukula kolala.

"Izi sizili pazithunzi."

"Ayi, Madamu."

Nthawi yomweyo analowa woyimba wosewera ngati mfumu ija. Chinali chimunthu chachikulu, chandevu, diso limodzi ataliphimba kale ndi kansalu, chikung'ung'uza pakhosi ngati galimoto yotenthetsa injini. Madamu anamuveka okha. Iye anagwedeza mapewa kawiri, dzanja lake lamanzere linatsika lokha n'kulowa m'thumba, ananena kanthu m'Chijeremani kamene sindinamve, n'kutuluka. Madamu anatenga kabuku kawo n'kupita kukakhala m'holo, chifukwa chovala cha pasiteji amachiweruza pansi pa magetsi, osati m'chipinda. Sanandiyang'ane n'komwe.

Mnzanga uja anandiimika m'mbali mwa siteji, kuseri kwa chinsalu chakuda, pamene ndinkatha kuona popanda kuoneka. Oyimba zida anali m'dzenje lawo kutsogolo kwa siteji, anthu ochuluka ngati mpingo wathunthu. Anayamba pansipansi, ngati mvula ikugunda kuseri kwa phiri. Pasiteji panali kamunthu kena kakusula chitsulo kakudandaula, kenako wina wamphamvu zake anabwera kudzakalalatira, ndipo anakangana moyimba nthawi yaitali moti miyendo inayamba kundiwawa. Ajeremani sapupuluma. Ine ndinkangowerenga mumtima zinthu zimene ndidzalongedze m'chikwama ndikamachoka ku Satwa, ndi zimene ndidzasiyire anzanga.

Kenako nyimbo inasintha, inakhala yodekha, yolemera, ndipo mfumu ija inalowa. Inadutsa pafupi nane n'kutulukira m'kuwala, ikutsamira mkondo, ine ndikuiona chakumbuyo. Magetsi anagwera pamapewa osuwa aja. Phewa lamanzere linali lotsika pang'ono, m'munsi mukumenya zidendene, chigamba changa chonyansa chikuonekera mkono ukapindika. Ndinaudziwa msana umenewo. Ndinauonapo kambirimbiri ukutsika njira ya kumunsi kwa nyumba yathu m'mawa wa chisanu. Mawu amene ankayimba sindinamve ngakhale amodzi, koma ndinawasowa bambo anga kuposa tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala zoti kuli Lachisanu.

Gawo loyamba litatha, ndinathamangira kuchipinda cha zovala kuti Madamu asandipeze pamalo osayenera. Analowa kabuku kali m'manja, n'kuyamba kugawa ntchito. Uyu afupikitse lamba, uyo asinthe nsapato za wosula zitsulo. Ine anandisiya komaliza.

Anati kolala yada kwambiri, ndichepetseko. Anati matope a kumbuyo ndiwonjezere, chifukwa wokhala mpando wakutali sakuwaona. Kenako anatembenuka, anachotsa pahang'ala malaya achikopa a wamphamvu uja, amene sindinawakhudzepo, n'kundiika m'manja.

"Awanso akunama," anatero. "Sewero loyamba awavale choncho, nthawi palibe. Koma Lolemba uwayambe."

Ndinaima ndi malayawo ndikuwerenga masiku ndi zala ngati mwana wa sitandade wani. Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Ndinawerenganso kachiwiri kuopa kuti ndalumpha tsiku. Ndinafunsa ngati a ku ofesi akudziwa zimenezi, ndipo iwo anati awauza popita kukamwa khofi, kuti gulu lawo likhala kuno masabata atatu ndipo munthu ameneyu akumufuna, pepala lake asaine. Ananena ngati akunena za batani lothothoka. Mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lachiwiri unatuluka wonse kamodzi, ndipo ndinamva njala yoopsa. Ndinati zikomo katatu kapena kanayi, ndikuwerama ngati ndili kwa apongozi, mpaka iwo anakweza dzanja kuti basi.

Anafika pakhomo, anaima, n'kubwerera.

"Chikhothi chimenechi ndi cha ndani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi cha mfumu ya milungu, nambala yakutiyakuti, koma anapukusa mutu. Anati zimenezo akuzidziwa, akufunsa mwini wake weniweni.

"Bambo anga, Madamu."

"Alipo?"

"Anatisiya."

Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. "Anayenda kwambiri," anatero.

"Anayenda."

Belu la gawo lachiwiri linalira, ndipo aliyense anathamangira kumalo kwake. Madamu anandituma kuti ndikamuone woyimbayo asanalowe, popeza tsopano chikhothicho chinali m'manja mwanga. Ndinamupeza m'mbali mwa siteji, mumdima, mkondo uli m'dzanja, akudikira chizindikiro. Lamba wa kathumba kaja anali atapotoka paphewa. Ndinanyanyamphira, ndinamuwongola, ndinasasa fumbi limene ndinaliikapo ndekha, ndipo mawu anatuluka okha m'Chichewa ndisanawagwire.

"Muyende bwino, bambo."

Anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija. Sanamve, koma anagwedeza mutu, n'kunyamuka.